Kunyuka pansi pa mimba: mmene mungapewere komanso kuchiza

Vuto ili anthu ambiri amangofera nalo mumtima, sanena olo kwa dokotala, kunyuka kwa pansi pa mimba paja khungu limapindika n'kugona pa linzake. Pamayamba ndi kuyabwa pang'ono chakumadzulo, mawa lake pakuwotcha mukamayenda kapena mukawerama, kenako pamayamba kunyowa kosalekeza ndi kafungo kenakake koti olo mwasamba kumene kakubwerabe. Madokotala amati intertrigo ndipo zimachitika paliponse pomwe khungu lakumana ndi khungu, kunsi kwa mabere, m'khwapa, m'mphechepeche, pakati pa matako, koma ine lero ndikhazikika pa mimba. Zimagwira anthu onenepa inde, komanso amayi amene abereka kumene makamaka a opareshoni, anthu amene aonda mwachangu khungu n'kutsala lolendewera, okalamba ndi odwala ogona, ndi aliyense wokhala pampando tsiku lonse nyengo yotentha.

Chinthu choyamba chotsani maganizo oti ndi uve. Ndikutero chifukwa munthu akangoganiza kuti ndi uve amathamangira kukhula ndi sopo wamphamvu katatu patsiku, zomwe zimangowonjezera moto. Chomwe chikuchitika ndi ichi, mkati mwa mpindimo simulowa mpweya ndiye thukuta silimauma, khungu limakhala m'chinyezi maola ndi maola mpaka limafewa. Mwaonapo zala zanu mukachapa nthawi yaitali mmene zimayererera n'kukhala zofewa zamakwinya? Khungu la mu mpindi limakhala choncho tsiku lonse, kenako mukamayenda mbali ziwirizo zimakhulana, khungu lofewa lija n'kusupuka. Pakasupuka tizilombo tomwe timakhala kale pakhungu la munthu aliyense popanda vuto, makamaka fangasi wotchedwa Candida ndi mabakiteriya, timapeza malo ofunda, onyowa, otseguka, basi timaswana. Ndiye mankhwala enieni a vutoli ndi kuumitsa, ma kirimu onse amangothandizira. Mutha kugula chubu chodula bwanji koma ngati pamalopo pakhalabe ponyowa zibweranso basi.

Yambani mwapaona kaye

Ambiri amapaka mankhwala pamalo pomwe sanapaonepo ndi maso. Imani pa galasi pamalo powala, nyamulani mimba ndi dzanja limodzi muone mpindi wonse kuchokera mbali iyi kufika mbali inayo, ngati simukuona bwino jambulani ndi foni, chithunzicho chikuthandizaninso pakatha masiku kuti mudziwe ngati pakusintha. Pakhungu lakuda musadikire kuti pafiire piriwiri, nthawi zambiri pamangooneka poderapo kuposa pena ponse, kapena potuwa, kapena pofiirira mobisika, ponyezimira chifukwa cha kunyowa. Yang'anani ngati pakati penipeni pa mpindi pang'ambika kamzere, yang'ananinso m'mphepete ngati muli tiziphuphu ting'onoting'ono tomwazika kunja kwa chigambacho. Zimenezi ndibwera nazo kutsogoloku chifukwa ndi zomwe zimakuuzani mankhwala oti mugule.

Kusamba ndi kuumitsa

Kamodzi patsiku ndi kokwanira, kawiri ngati mwatuluka thukuta kwambiri. Madzi ofunda pang'ono osati otentha, sopo wopanda perefyumu ndipo pang'ono chabe, ngati pasupuka kale olo madzi okha ali bho. Nyamulani mimba, sambitsani ndi dzanja lanu lokha, chinkhupule ndi burashi zisafike pamenepo. Tsukuluzani bwinobwino chifukwa sopo wotsalira mu mpindi amawotcha khungu payekha, ndipo anthu ambiri amene amati sopo sakuwayanja vuto lake limakhala limeneli.

Tsopano gawo lomwe anthu amalichita mwachidule pomwe ndi lofunika kuposa onse. Musapukute mokhula, muzingogunditsa thaulo pang'onopang'ono kuti limwe madzi, ndipo likhale thaulo louma loyera, bola kathaulo kakang'ono kapaderadera ka pamalo pokhapo komwe mukasinthe tsiku lililonse. Mukatero pamaoneka ngati pauma koma sipanaume ayi. Gonani chagada pabedi, kokerani mimba m'mwamba chakuchifuwa ndi manja kuti mpindi utseguke, mukhale choncho mphindi 5 mpaka 10 mpweya uzipita, ngati muli ndi fani iyang'anitseni pomwepo, ngati muli ndi hair dryer ikani pa mpweya wozizira osati wotentha ndipo muigwire patali. Gwirani ndi kuseri kwa chala, pakakhala kuti pakumatabe dikiraninso. Kuvala muli wonyowa chifukwa chothamangira kuntchito ndi kumene kumabweza anthu m'mbuyo tsiku ndi tsiku, bola kudzuka msanga pang'ono. Usiku pogona chitaninso chimodzimodzi, ndipo ngati zingatheke gonani ndi chovala chomasuka chopanda lasitiki pamimba.

Masana mukatani

Mwaumitsa m'mawa koma pofika 10 koloko thukuta labwerera, ndiye pamafunika chinthu cholekanitsa khungu ndi khungu. Dulani tinsalu ta thonje tofewa, t-shirt yakale ya thonje yochapa bwino imagwira ntchito kwambiri, pindani kamodzi mulowetse mu mpindi mosalala popanda kukwinyika, nsonga yake itulukire kunja pang'ono kuti chinyezi chizipeza potulukira. Kakanyowa sinthani, musakasiye tsiku lonse chifukwa nsalu yonyowa yokhala pamenepo ndi yoipa kuposa kusaika kanthu. Muziyenda ndi tiwiri titatu m'chikwama ndi kapepala ka pulasitiki koikamo tonyowa. Tishu ayi, amanyenyeka n'kumatirira pachilonda, thonje lija la m'mabotolo a mankhwala nalonso limasiya ubweya. Kuli nsalu zina zopangidwira ntchito imeneyi zomwe zimakoka chinyezi, zina zimakhala ndi siliva wopha tizilombo, zipatala zina zimagwiritsa ntchito, mukazipeza ndi zabwino koma musadandaule ngati palibe.

Zovala zamkati nazo. Panti kapena kabudula amene lasitiki wake amagwera ndendende mu mpindi ndi mdani, amakhula pomwe pali bala kale. Sankhani wofika pamwamba pa mchombo, kapena wina amene nsalu yake imalowa bwino pansi pa mimba n'kuinyamula pang'ono. Nayiloni wothina ndi zija zomanga mimba kuti ioneke yaphwa zisiyeni kaye mpaka papole, olo papola musamazivale tsiku lonse. Mukachoka kolimbitsa thupi kapena ku ntchito yotulutsa thukuta sinthani msanga. Tinsalu tija, matawulo ndi zamkati muzichapa ndi madzi otentha, pa makina ndi madigiri 60, ziume gwaa padzuwa kapena muzisite, ndipo thaulo osabwerekana ndi munthu.

Mafuta kapena pauda?

Apa anthu amatsutsana kwambiri. Ine ndimaona chonchi, ngati vuto lanu lalikulu ndi kukhulana, pakani chotchinga, kirimu wa zinc oxide yemwe uja amapaka ana akanyuka ndi matewera, kapena Vaseline. Pakani mopyapyala kwambiri pakhungu louma, osati chibulu, chifukwa mukaunjika mumatsekera chinyezi mkati. Zinc oxide amakanirira pochotsa, musalimbane naye ndi thaulo, mufewetseni ndi timafuta pang'ono kenako musambe, olo atatsalako pang'ono palibe vuto. Pauda amathandiza pakhungu lomwe silinasupuke ngati mumatuluka thukuta lambiri, koma akanyowa amaundana timibulu tomwe timakhulanso khungu, ndiye muzithira pang'ono padzanja kaye osati kukhuthulira, ndipo usiku mumutsuke. Osaphatikiza pauda ndi kirimu nthawi imodzi, zimapanga matope. Pabala lotseguka pauda asafikepo. Mankhwala oletsa thukuta a m'khwapa aja ena amapaka pansi pa mimba ndipo amathandizadi kupewa, koma pakhungu labwinobwino pokha, mukapaka ponyuka mulira.

Ngati kuli kunyuka wamba kopanda tizilombo, kuumitsa ndi chotchinga zimaonetsa kusintha m'masiku ochepa. Pakapanda kusintha ndiye kuti mwalowa china.

Kudziwa chomwe chalowapo

Candida ndi amene amapezeka kawirikawiri. Amayabwa kwambiri, pamakhala ponyowa, pena pamatuluka zoyera zonga zosupuka m'mphepete, ndipo chizindikiro chake chachikulu ndi tiziphuphu tija tomwazika kunja kwa chigamba chachikulu, tina timakhala ndi kamutu koyera. Mankhwala ake ku famase ndi clotrimazole 1% kapena miconazole 2%, kupaka kawiri patsiku mutasamba n'kuumitsa, mopyapyala, kupitirira pang'ono m'mphepete mwa chigambacho. Kuyabwa kumatha msanga mwina m'masiku atatu anayi, ndiye apa ndi pomwe ambiri amasiyira, pakatha sabata ziwiri akudabwa zabweranso. Pitirizani osachepera masabata 2, pena amafika 4, ndipo olo pakaoneka kuti papola onjezeranibe sabata ina. Nthawi yomwe mukupaka mankhwalawa musathire Vaseline kaye pansi pake, mankhwala ayambe kufika pakhungu, chotchinga chibwere pambuyo akalowa. Nystatin nayenso amapha Candida koma sagwira chipere. Chenjezo limodzi, ngati mumamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana aja, miconazole amatha kuwonjezera mphamvu ya warfarin mpaka kukha magazi, ndiye uzani wa ku famase asanakupatseni.

Chipere chimasiyana, chimakhala ndi m'mphepete motukuka mouma mwamamba, pakati pakuoneka ngati pakupola uku chikukulira kunja, nthawi zambiri chimachokera m'mphechepeche kapena kumapazi. Terbinafine amachigwira bwino, clotrimazole nayenso amatha. Ngati muli ndi linyetsu pakati pa zala za kumapazi chizani limodzi, apo ayi muzingodzipatsira nokha ndi thaulo.

Pali china chomwe anthu amapaka kirimu wa fangasi miyezi osasintha, dzina lake erythrasma. Ameneyu ndi bakiteriya, Corynebacterium minutissimum, amapanga chigamba chabulauni chouma pang'ono chokhala ndi makwinya osalala, sichiyabwa kwenikweni. Dokotala akawalitsa nyali ina yake yotchedwa Wood's lamp chimawala mofiira, ndipo mankhwala ake ndi ma antibayotiki monga clindamycin, erythromycin kapena fusidic acid. Psoriasis, nthenda ina yapakhungu yosayambitsidwa ndi fangasi, nayo imatha kubwera m'mipindi, yosalala yonyezimira yokhala ndi malire ooneka bwino, yopanda mamba omwe imakhala nawo pa zigongono, ndipo imeneyo kirimu wa fangasi sangaithe. Ndiye lamulo losavuta ndi ili, mwapaka mankhwala a fangasi mokhulupirika masabata 2 uku mukuumitsa ndipo palibe chasintha, lekani kuyesayesa machubu pitani akaone.

Za ma steroid, apa ndikhalitsapo

Ma kirimu a steroid amphamvu monga clobetasol ndi betamethasone amanyenga kwambiri. Mukapaka lero mawa kuyabwa kwatheratu, kufiira kwachepa, mumati ndapeza mankhwala. Koma sanaphe kalikonse, angogonetsa chitetezo cha khungu pamalopo, fangasi akukula mwakachetechete ndipo mukasiya zimabwerera zitakula kuposa kale, mumapakanso, basi mwalowa m'chizungulire. Choopsa china, mu mpindi khungu ndi lopyapyala komanso lotsekeka, ndiye limamwa mankhwala ochuluka kuposa pamkono, mapeto ake limapyapyala zedi, limang'ambika mosavuta, pamatuluka mizere ikuluikulu ija ya kutambasuka kwa khungu ndipo imeneyo sichoka. Ma kirimu ambiri olembedwa kuti amachiza zonse, aja osakaniza mankhwala atatu mu chubu chimodzi, amakhala ndi steroid wamphamvu mkati, ambiri oyeretsa khungu chimodzimodzi. Werengani pa chubu, mukaona clobetasol kapena betamethasone musapake pansi pa mimba pokhapokha dokotala wakuonani n'kunena yekha. Ngati kuyabwa kukukusowetsani tulo, hydrocortisone 1% ndi wofatsa, mutha kupaka pamodzi ndi mankhwala a fangasi koma osapitirira masiku 7, ndipo osati pachilonda chotseguka.

Zina zoti zisayandikire, sipiliti, mandimu, viniga wosasungunula, mankhwala otsukira mano, perefyumu yobisira fungo, Dettol wosasungunula, bulichi. Kuwawa si umboni woti mankhwala akugwira, kumeneko ndi kupsa kwa khungu lomwe linali lovulala kale. Fungo limatha lokha tizilombo tikachepa ndipo pakauma.

Nthawi yosadikira

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati kufiira kapena kutupa kukufalikira kunja kwa mpindi, pakutentha mukagwira, pakuwawa kwambiri kuposa mmene pakuonekera, pakutuluka mafinya, kapena thupi latentha kufika madigiri 38 ndi kunjenjemera. Zikatero ndiye kuti mabakiteriya alowa mkati mwa khungu, amati cellulitis, ndipo imafuna ma antibayotiki akumwa kapena obaya, kirimu sangathe. Khungu likayamba kuda bii mwadzidzidzi kapena kutuluka matuza, kumeneko ndi kothamangira usiku womwewo. Ngati mumatuluka zithupsa zobwerabwera m'mipindi, zophulika n'kusiya zipsera ndi timabowo, tchulani kwa dokotala, pali nthenda yotchedwa hidradenitis suppurativa yomwe anthu amakhala nayo zaka akumangoti ndi zithupsa wamba. Mapiritsi a fluconazole amaperekedwa fangasi akafalikira kapena akakana kirimu, koma musadzigulire nokha, sagwirizana ndi mankhwala ena ambiri ndipo oyembekezera sayenera kungomwa.

Zikamangobwerabwera kayezetseni shuga. Ndikunenetsa chifukwa anthu ena amadziwira pomwepa kuti ali ndi nthenda ya shuga, Candida amakonda thupi lomwe shuga wakwera ndipo mabala sapola msanga. Muyezo wa m'mawa musanadye ukafika 7.0 mmol/L, omwe ndi 126 mg/dL, kapena HbA1c, muyezo woonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri itatu yapitayi, ikafika 6.5%, ndi pomwe madokotala amaganizira shuga, amabwerezanso kuti atsimikize. Ngati mukudziwa kale kuti muli nayo, kunyuka kosatha ndi uthenga woti shuga sakutsika mokwanira. Mankhwala ena a shuga monga dapagliflozin ndi empagliflozin amatulutsa shuga mu mkodzo ndiye amabweretsa fangasi kumaliseche ndi m'mphechepeche, musasiye nokha koma muuzeni dokotala. Kumwa ma antibayotiki nthawi yaitali, mapiritsi a steroid, ndi chitetezo chotsika monga cha HIV yosalandira mankhwala nazonso zimapangitsa, ndiye ngati simunayezetse magazi posachedwa ndi mpata wabwino. Kuderako kwina kokhala ngati veleveti m'khosi, m'khwapa ndi m'mipindi, kosayabwa kosawawa, si litsiro ndipo sikuchoka ndi kukhula, nthawi zambiri kumasonyeza kuti thupi silikumvera bwino insulin, amene amatsitsa shuga m'magazi.

Amayi a opareshoni, bala lanu limakhala ndendende pomwe mimba imagwera ndiye chinyezi chimasonkhana pomwepo. Nyamulani mimba pang'onopang'ono ndi dzanja poumitsa, gunditsani ndi nsalu yoyera, ikani padi youma kapena gozi pakati pa bala ndi khungu la pamwamba n'kumasintha, ndipo musapake kirimu, mafuta kapena pauda pabala lomwe silinatsekeke pokhapokha anamwino anena. Bala likayamba kutseguka, kununkha, kutulutsa madzi kapena mafinya, imeneyo si nkhani ya kunyuka, bwererani kuchipatala. Amene mukusamalira kholo kapena wodwala wogona, muziona m'mipindi monse tsiku lililonse powasambitsa chifukwa iwo sanena, mwina manyazi mwina sakumva, muwapemphe kaye musananyamule mimba, ndipo thewera likanyowa lisinthidwe msanga popeza mkodzo umawotcha khungu kuposa thukuta.

Pakapola pamatsala poderako, makamaka pakhungu lakuda. Musapake zoyeretsa, zambiri muja ndanena muja muli steroid ndipo zikubwezerani pomwe munachoka. Kumazilala kokha pakapita miyezi bola pasamanyukenso. Kuchepetsa thupi kumathandiza chifukwa mpindi umachepa kuya, ngakhale ena akaonda kwambiri khungu lotsala limapitiriza kuvuta, ndipo kwa amene zafika posautsa pali opareshoni yochotsa khungu lolendeweralo yotchedwa panniculectomy, imeneyo ndi yokambirana ndi dokotala mutayesa zina zonsezi. Pakadali pano chubu cha mankhwala a fangasi mukachimaliza musagulenso choti muzipaka tsiku lililonse ngati mafuta odzola, chomwe mupitirize ndi kuumitsa m'mawa ndi usiku, kansalu masana nyengo yotentha, ndi kuyang'ana pa galasi kamodzi pa sabata kuti mukaona payamba kunyezimira muyambe zinc oxide tsiku lomwelo pasanasupuke.